Bawuti Wokana Kumasuka pa Galaja ya a Thunde

Inu amene mumati chitsulo n'chitsulo basi, chilibe khutu, takhalani kaye pansi mumve za a Thunde. Mukamva mutsutse, pakamwa mpanu. Koma ine ndikunena zimene anthu a pa Mponela adaona ndi maso awo, dzuwa lisanalowe n'komwe.

A Thunde adali makaniko kuseri kwa msika. Galaja yawo idali mtengo wa mthethe, mpanda wa malata otha, ndi kanyumba kosungiramo masipanala. Eni akewo adali mdala wamfupi, imvi zili mbuu, wosachedwa kupsa mtima ndi anthu, koma chitsulo sankachipsera mtima ngakhale tsiku limodzi. Chimene adatchuka nacho n'chakuti chiyambire ntchito sadadulepo bawuti. Anyamata a masiku anowa bawuti akangolimba pang'ono athamangira gilayinda yodulira zitsulo, moto uli thethethe, kenako n'kumadzitcha amisiri. A Thunde ankati bawuti adamangidwa ndi dzanja, dzanja lomwelo limumasule. Ankatha kukhala ndi bawuti mmodzi kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa, mwini galimoto akudzuma, iwo ali phee.

Koma mwini nkhaniyi ndi Nachisale, mkazi wa malemu Lufeyo.

Lufeyo adali ndi pikiapu yoyera yakalekale imene ankanyamulira amayi a geni ya tomato kuchokera kumapiri a Dowa. Tsiku lina ali pamtsetse, katundu ali tho, amayi ali pamwamba pa madengu, injini idatsokomola n'kuzima. Lufeyo adaimika, adakoka handibuleki, n'kutsika kukatsegula boneti. Ali chiweramire choncho, handibuleki idataya. Galimoto idayamba kuyenda yokha, ndipo kumunsi kwa mtsetsewo kudali phompho. Wina aliyense akadadumphira kumbali, ndipo palibe akadamunena. Lufeyo adagwira bampala ndi manja onse awiri nayamba kukankha, zidendene zikulima msewu. Munthu mmodzi sangaimitse pikiapu yodzaza, izo n'zodziwika. Koma adaichedwetsa mpaka amayi onse adadumpha, galimoto n'kukhotera ku mtengo wa bulugama wa m'mbali mwa msewu. Pamtengo pomwepo m'pamene idakamupanikiza. Nachisale adaliponso tsikulo ndi khanda lawo, Dalesi, ndipo onse awiri adapulumuka opanda ngakhale bala.

Maliro adayenda mwa mwambo wake. Pochoka ndi thupi kuchipatala, amalume a Lufeyo adakhala pafupi ndi bokosi n'kumamuuza njira monga timachitira: pano tikuwoloka mtsinje, pano takhota, pano tafika kwanu. Koma adzukulu onyamula bokosilo adanong'onezana kuti lidali lopepuka modabwitsa, poti Lufeyo adali mwamuna wa thupi. Ndipo Nachisale, ngakhale adalira, ngakhale adameta, mtima wake unkamuuza chinthu chimodzi: bambo a Dalesi sadafike kumudzi. Sadawalote n'kamodzi komwe. Galu wawo adasiya kugona pakhonde, n'kumakagona pamphambano, mphuno ikuloza ku Mponela.

Ku Mponela n'kumene kudali pikiapu ija. Adaikokera kwa a Thunde ndi thalakitala, poti bampala idali itapindika mpaka kukhudza tayala, ndipo kuti galimoto iyendenso bampalayo idayenera kuchoka kaye. Woyendetsa thalakitala ankafotokoza akupukusa mutu kuti ataichotsa pamtengo paja adamanga tcheni kutsogolo, galimoto idakana kusuntha, thalakitala ikungofukula dothi. Atamanga kumbuyo idabwera yokha ngati mbuzi yodziwa khola.

Nthawi imeneyo a Thunde kudalibe, adali ku Kasungu kwa mwana wawo, akuvutika ndi mwendo. Ndiye mng'ono wake wa Lufeyo, dzina lake Yotamu, adabwera ndi anyamata ake kudzachotsa bampalayo. Mabawuti ena onse adamasuka bwinobwino. Adatsala mmodzi, wa kumanja, pansi pa nyali. Adathyolerapo sipanala. Adabweretsa gilayinda, mpeni wake udangokhudza n'kuphulika, chidutswa chidadutsa m'mbali mwa khutu la Yotamu n'kukaboola lata la mpanda. Anyamata adatola zawo osatsazika.

Kenako mlonda wa pagalajapo, a Bizeki, adayamba kudandaula kuti zinthu zikusowa. Hamala, njerwa zimene ankaphikirapo tiyi, ngakhale kampando kawo. M'mawa ankazipeza zonse pamalo amodzi, zitapanikizidwa kutsogolo kwa tayala la pikiapu monga timaikira mwala kuti galimoto isayende. Kukada ankamva kupuma, kupuma kwa munthu amene wasenza thumba lomuposa, ndi timiyala tikukhuluka pansi. Kukacha, kutsogolo kwa bampala kunkakhala timizere tiwiri tokumbika m'dothi. A Bizeki ankatifafaniza ndi tsache, mawa lake tilipo. Ndipo pabampalapo, pamene chitsulo chonse chidachita dzimbiri ndi fumbi, padali malo awiri owala mbee, otalikirana ngati mapewa a munthu.

Chidamaliza Yotamu ndi mayi wina wachilendo. Ankadutsa masana, mtolo wa nkhuni uli pamutu, adasuzumira pampanda pamene Yotamu ndi a Bizeki adakhala, n'kunena kuti, "Koma abambo inu, mwangokhala, mnzanuyo akukankha yekha?" Adapitiriza ulendo wake. Atamulondola kuti amufunse, njira yonse mpaka kuchigayo idalibe munthu wa mtolo.

Yotamu sadali munthu woipa, musamuweruze. Adali ndi mantha basi, ndipo wamantha safuna kudikira. Adagwirizana ndi akubanja kuti aitane ogula zitsulo zakutha, galimotoyo aiduledule ndi moto wa gasi, ipite kokasungunula. Nachisale atamva adakagwada pamaso pa mlamu wakeyo. Mayiyu za galimoto adalibe nazo ntchito. Chimene ankadziwa n'chakuti ngati bambo a Dalesi sadali kumudzi, ndiye kuti adali pomwepo, ndipo akaidula n'kuimwaza zidutswa, adzawafunanso kuti? Adapempha kuti a Thunde, amene adali atangobwera kumene, ayeseko tsiku limodzi. Yotamu adavomera monyinyirika. Bampala ikachoka, galimoto ipita kumudzi. Ikakana, lole ya ogula zitsulo ibwera dzuwa likapendeka.

Nachisale adafika m'mawa, Dalesi ali kumsana, n'kukhala pa tayala lakutha pansi pa mthethe. A Thunde adamulonjera, adamupepesa za maliro, kenako adaiwala kuti pali anthu.

Abale, amisiri alipo, koma zija zidali zina. Mdalayo sadayambe ndi sipanala. Adazungulira galimoto yonse akutsimphina, manja kumbuyo. Timizere ta m'dothi adationa. Malo owala aja adawayang'ana nthawi yaitali, koma sadawakhudze. Ndipo pogona pansi adayala katoni yawo chakumbali, mopanikizika, osati pakati pamene makaniko aliyense akadagona. Nachisale adachiona chimenecho ndipo adadziwa kuti mdalayu wasiyira munthu malo.

Adayamba kupala dzimbiri ndi burashi ya waya, pang'onopang'ono, mpaka mutu wa bawuti udaoneka mbali zake zonse. Adadonthezera mafuta a mabuleki osakaniza ndi parafini, n'kutuluka kukamwa tiyi. Yotamu adafunsa ngati tiyiyo ndiye ntchito imene akudikira. A Thunde adati mafuta alibe miyendo, amachita kukwawa, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyi atatha adatenga hamala yaing'ono n'kumagogoda pamutu pa bawuti, go, go, go, osati momenya ayi, koma ngati mlendo waulemu pakhomo. Akagogoda ankatchera khutu. Adayatsa moto wa gasi, adawotcha nati yokha mpaka idafiira, kuti ifutukuke imusiye mnzake. Adadikira izizire, adathiranso mafuta, utsi uli tolo. Adaika sipanala, adalowetsapo paipi kuti dzanja litalike. Ndiye apa adachita chimene anyamata sachidziwa. M'malo momasula adayamba amanga kaye pang'ono, poti bawuti wogwidwa ndi dzimbiri amagonja ukayamba wamupititsa kumene amafuna.

Bawuti sadasunthe. Koma galimoto yonse idagwedezeka n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, masipuling'i akulira, ngati wina waikankha ndi mphamvu zake zonse. Yotamu adangopezeka ali kunja kwa mpanda, osadziwa kuti watuluka bwanji.

A Thunde sadadzuke pakatoni paja. Adangobweza sipanala, n'kuyambiranso: burashi, mafuta, hamala, moto, kudikira. Nachisale ankayang'ana manja awo. Adali manja akuda, a zipsera, chala chimodzi chopindika, koma ankagwira chitsulocho mofatsa ngati namwino pachilonda. Sadatukwane, sadamenye ndi ukali, sadayang'ane dzuwa. Mkazi uja adaona kuti chichitikire ngozi, aka kadali koyamba kuti munthu ayandikire galimotoyo wopanda mantha ndiponso wopanda mkwiyo, ndipo adawakonda a Thunde ngati bambo ake omubereka.

Dzuwa lidafika pamutu, lidayamba kupendeka. Mbiri idali itawanda mumsika, anthu adadzaza pampanda, ena atakwera pamapewa a anzawo pofuna kuona. Koma phokoso padalibe. Mphepo idaleka, timba ndi apumbwa amene ankasokosa mumthethe tsiku lililonse adachoka onse. Chimene chinkamveka ndi hamala yokha, go, go, go. Dalesi yekha ndiye ankagona tulo take kumsana, poti adali mwana wa tulo chibadwire. Lole ya ogula zitsulo idafika, amuna a m'lolemo adatsitsa mabotolo a gasi n'kukhala pamenepo akusuta fodya.

Apo m'pamene a Thunde adatuluka pansi paja. Adapukuta manja ndi kansanza, adabwera kudzanjuta pamaso pa Nachisale, n'kuyankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Mayi, dzimbiri ndalithetsa kalekale. Mafuta adutsa mpaka kuseri, ndawaona akudontha. Chatsalachi si dzimbiri. Tandiuzani, pamtsetse paja, amuna anu mawu awo omaliza adali otani?"

Palibe adali atamufunsapo funso limeneli. Pamaliro anthu ankangotama Lufeyo kuti adali mwamuna, n'kumutonthoza iye kuti alimbe mtima. Nachisale adayang'ana pansi, kenako adafotokoza. Galimoto itaima pamtsetse, iye adatsika kuti awongole miyendo, n'kusiya Dalesi ali mtulo pampando wakutsogolo. Itayamba kuyenda, adathamanga, adatsegula chitseko, adamukoka mwanayo n'kugwa naye muudzu. Koma Lufeyo sakadaona, poti boneti idali yotsegula, itamutchinga kumaso. Ankangofuula ali kukankha, kufunsa ngati mwana watuluka. Adafuula kangapo. Nachisale adamva, koma mwana adali zii, osalira, ndipo iye ankamutembenuza kuti aone ngati akupuma. Pamene amazindikira kuti mwanayo wangogona, n'kudzutsa mutu kuti ayankhe, kumtengo kuja kudali kutatha.

"Ndiye simudawayankhe," adatero a Thunde.

"Sindidawayankhe, bambo."

"Amalume awo adawauza njira yonse ya kumudzi. Koma munthu sachoka pantchito asadauzidwe kuti yatha."

Yotamu adalowa kudzanena kuti nthawi yakwana, ogula zitsulo nawo adadzuka akukoka mapaipi awo a gasi. Apa m'pamene anthu adaona mtima wina uja wa a Thunde. Mdalayo adauza amunawo kuti mwini bwaloli ndi iye, ndipo woyatsa moto iye asadalole aona chimene chidameta nkhanga mpala. Amuna aja, akuluakulu a zifuwa, adabwerera kukakhala pamabotolo awo. Kenako a Thunde adauza Yotamu kuti ngati mantha amukulira, agwire ntchito mantha achepe: achotse njerwa ndi kampando ka a Bizeki kutsogolo kwa tayala, atenge mwala waukulu auike chapatali pang'ono, osakhudza tayalalo. Yotamu adafunsa kuti mwala wa chiyani pabwalo losalala chonchi. Komabe adakauika.

Mdala adabwerera pakatoni pake. Paipi ija adaichotsa, adaika sipanala yokha n'kuigwira ndi dzanja limodzi. Kenako adauza Nachisale kuti ayankhule nawo.

Kuyankhula ndi bampala ya galimoto pamaso pa msika wonse si chinthu chapafupi, inu. Nachisale adachita manyazi. Koma adapita, adagwada pafupi ndi timizere tija, osatiponda. Pamalopo padali pofunda ngati pamene pangochoka munthu, ndipo padamveka fungo la thukuta ndi la tomato wophwanyika.

"Bambo a Dalesi, ndine," adatero. "Mwana adatuluka. Ndidamutulutsa ine, alibe bala. Amayi aja onse adadumpha. Siyani tsopano, mwatopa."

Kupuma kumene a Bizeki okha ankakumva, tsopano adakumva onse a pampanda, masanasana. Kudali kothamanga, kolemera, kochokera pamene padalibe munthu. Kudaima pang'ono ngati kwa womvetsera. Bawuti adalira kuti kwee, adasuntha ngati m'lifupi mwa chikhadabo, n'kugwiranso. Kupuma kuja kudayambiranso, mwamphamvu kuposa poyamba, ndipo dothi la m'timizere lidayamba kugumuka lokha.

Nachisale adabwereza mawu omwewo akulira. Sizidathandize. Mawu a a Thunde adachokera pansi pa galimoto, ofatsa ngati akupempha sipanala.

"Akumva, koma akuyesa mukuwatonthoza. Boneti ija ikadali kumaso kwawo. Amve okha."

Nachisale adamvetsa, ndipo zidamuwawa. Adamasula chitenje, adatsitsa Dalesi pamiyendo. Mwana ali mtulo, milomo ikuyamwa m'maloto. Adamuitana dzina, adamugwedeza, adamuuzira kumaso. Mwana adangotembenuka n'kufuna bere. Mwana ameneyu chimwalirire bambo ake sadamumenyepo ngakhale kakhofi, ntchentche yomwe sankailola kumutera, poti ndi yekhayo amene Lufeyo adamusiyira. Adatsinzina, adagwira ntchafu yonona ija, n'kutsina ndi mphamvu.

Dalesi adalira. Adalira kulira kwa mwana wamoyo, wathanzi, wokwiya, kumene kudamveka mpaka kwa ogulitsa nyama kumsika.

Sipanala idazungulira m'dzanja la a Thunde ngati yopanda kanthu. Adaiika pansi, ndipo bawuti amene adathyola sipanala ndi kuphulitsa gilayinda adamumalizitsa ndi zala ziwiri. Adadzikoka msanga n'kutuluka. Bampala idagwa pansi kuti khu. Kenako pikiapu ija, pabwalo losalala, injini yozima, yopanda woikankha, idayamba kuyenda chamtsogolo pang'onopang'ono. Idakankha bampala m'dothi, idadutsa pa timizere tija, idakagunda mwala wa Yotamu n'kuima. Ndipo onse adamva munthu akutulutsa mpweya wautali, ngati wa amene watula mtolo pakhomo.

Palibe adathawa. Amuna adavula zipewa. Amayi a pampanda adayamba kulira chapansipansi, ena mwa iwo adali omwe aja adadumpha pamtsetse. Yotamu adakhala pansi padothi, adabisa nkhope m'manja n'kumaitana dzina la mkulu wake. Nachisale adakumbatira mwana wake, akumupepesa, akumusisita pamene adatsina, misozi ikugwera pamutu pa mwanayo. Mtima wake udali wowawa, komanso kwa nthawi yoyamba udali wopepuka.

A Thunde okha ndiwo adapitiriza ntchito. Adatola masipanala awo, adawapukuta imodziimodzi, adathira bawuti uja mafuta n'kumubwezera nati yake, poti sankasiya chinthu chili chomwazika. Wina pampanda adafunsa ngati adaona kanthu pansi paja. Adati adaona bawuti, nanga pansi pa galimoto pamakhalanso chiyani.

Nkhani yanga ikuthera pachipata cha galajayo. Mkulu wa ogula zitsulo, amene adabwera kudzadula, ndiye adapempha yekha kuti lole yawo ikokere pikiapuyo kumudzi. Adamanga chingwe kutsogolo, chingwe wamba cha sisalo, ndipo galimoto idatsatira mosavuta. Yotamu adakhala pa chiwongolero, Nachisale adakhala kuwindo ndi Dalesi amene adali akusisimabe. Mmodzi wa amuna a lole adatola chikwama cha Nachisale kuti achiike pampando, pakati pa awiriwo. A Thunde adamugwira dzanja, adachilanda, n'kukachiika kumbuyo. Kenako adaweramira pawindo la Yotamu.

"Pakatipo pasakhale katundu. Ndipo awuze a lolewo ayende pang'onopang'ono, mabampu asawathamangire. Akulu ako atopa."